Kodi Womanga M'dambo Ayenera Kuthandizidwa?

Madzi osefukira sakhalitsa m'midzi ya kumwera kwa Lilongwe. Dziko la Likuni, Mitundu ndi Nathenje silifanana ndi chigwa cha Shire, kumene madzi amatha masabata ali m'midzi. Kuno mvula ikagwa usiku wonse m'mwezi wa Januwale kapena Febuluwale, mitsinje monga Likuni, Nanjiri ndi Nathenje imadzaza msanga, madambo amasanduka nyanja, madzi amalowa m'nyumba zimene zili kumunsi, ndipo pofika mawa lake madzulo amakhala atapita. Chimene chimatsala ndi matope, fungo loipa, ndi ntchito yaikulu yoposa manja a banja limodzi.

Apa ndi pamene pamabuka funso limene lavutitsa midzi yambiri. Ngati munthu adachenjezedwa kuti asamange m'dambo, iye osamva, ndipo madzi amuwonongera nyumba, kodi anzake ayenera kusiya minda yawo ndi kupita kukamuthandiza? Funso limeneli si lachibwana. Miyezi imeneyi ndiyo nthawi yopalira ndi kubandira chimanga, ndipo alimi a fodya amakhala atayamba kuthyola ndi kusoka. Ndiyonso nthawi imene nkhokwe zambiri zili pafupi kutha. Munthu akataya tsiku pa nyumba ya mnzake, udzu wa m'munda mwake sumudikira.

Mumzinda wa Lilongwe funso lomweli lidamvekapo. M'mwezi wa Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi udasefukira ku Mtandire, mpaka asilikali adabwera ndi helikoputa kudzapulumutsa ana amene madzi adawazinga. M'mwezi wa Disembala chaka chomwecho madzi adalowa m'nyumba ku Chipasula, Kawale ndi Biwi, ndipo anthu ena adafa. Nthawi zonse ziwirizi padali anthu ambiri amene adati eni nyumbazo adaziputa okha pomanga m'mphepete mwa mtsinje. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, ndipo sayenera kungokanidwa.

Tiyerekeze za munthu wina wa m'mudzi wa kufupi ndi Mitundu. Iye ndi mkamwini, ali ndi mkazi ndi ana anayi. Zaka zitatu zapitazo adamanga nyumba ya zidina kumunsi kwa mudzi, pafupi ndi dimba lake. Akuluakulu adamuuza kuti pamalo pamenepo pamadutsa madzi chaka cha mvula yambiri, pakuti madzi saiwala khwawa. Iye adayankha kuti chibwerere m'mudzimo sadaonepo madzi pamenepo. Zaka ziwiri zidapita bwino. Chaka chachitatu madzi adalowa usiku mpaka m'mawondo, banja lonse lidathawira kutchalitchi, ndipo m'mawa adapeza khoma limodzi litagwa, chimbudzi chitatitimira, matumba awiri a chimanga atanyowa.

M'mawa umenewo anthu amaima pamtunda ndi kuyang'ana. Wina amati, "Achimwene, tidawauza awa. Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Ine ndikupita kumunda." Mnzake amati, "Alamu, nanga ana aja alakwanji?" Aliyense wa awiriwa akunena zoona, ndipo chifukwa chake nkhaniyi ndi yovuta.

Munthu asanaweruze, ndi bwino ayambe waona kukula kwa ntchito imene ili pamenepo. Nyumba imene mwalowa madzi salowamo mothamanga. Zidina ndi dothi chabe, ndipo zikamwa madzi m'munsi zimafewa ngati phala, pamene pamwamba pake pakuoneka pouma ndi polimba. Nyumba zina sizigwa madzi ali pomwepo, koma zimagwa patapita tsiku limodzi kapena awiri, anthu atabwereramo kukagona. Chotero munthu wanzeru amayamba wazungulira kunja, kuyang'ana ming'alu ndi kuona ngati khoma lapendekeka, ndipo amachirikiza denga ndi mitengo asanalowetse mkazi kapena mwana. Amagogodanso ndi ndodo m'makona, popeza njoka nazonso zimathawa madzi ndi kubisala m'nyumba. Kumene kuli magetsi, monga m'nyumba zambiri za ku Likuni, sakhudza waya kapena soketi yonyowa mpaka magetsi atazimitsidwa.

Kenaka pamabwera matope. Awa ayenera kuchotsedwa akadali ofewa, chifukwa akauma amagwira ngati simenti. Amawola ndi fosholo ndi khasu, amatuta ndi ndowa kapena wilibala, ndipo amakataya kutali ndi chitsime. Matope a chigumula sali ngati matope a kumunda. Madziwo adadutsa m'makola, m'madzala ndi m'zimbudzi za mudzi wonse asanalowe m'nyumbamo. Chifukwa chake mbale, miphika, mitsuko ndi zipande ziyenera kutsukidwa ndi sopo ndi madzi othira kolorini, zovala ndi zofunda ziyenera kuchapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa, ndipo mphasa zimene zidamira ndi bwino kuzitentha. Pansi pa nyumba sazira msanga. Amatsekula zitseko ndi mazenera kuti mphepo ipite masiku angapo, pakuti wozira pa chinyezi amatsekera chinyezicho m'kati. Palinso timapepala timene anthu amaiwala: chiphaso cha unzika, buku la kuchipatala, khadi la kusikelo ya mwana, makope a ana a sukulu. Izi amazitambasula pamthunzi chimodzichimodzi kuti zisamatane.

Mwamuna mmodzi ndi mkazi wake, atagona ndi njala, sangathe zonsezi msanga. Anthu khumi angathe mbali yaikulu pa tsiku limodzi. Ndipo kufulumira kumeneku n'kofunika kwa mudzi wonse, chifukwa cha chimbudzi chimene chatitimira chija.

Chimbudzi chikagwa, zonyansa zake sizikhala pabwalo la mwini wake. Zimayenda ndi madzi pamwamba ndi pansi pa nthaka mpaka kukafika pachitsime cha kudambo, chimene amayi a mudzi wonse amatungapo mjigo ukawonongeka. Banja lopanda chimbudzi limapita kutchire, ndipo mvula yotsatira imakokolola zonsezo kupita kumtsinje. Ntchentche sizifunsa kuti nyumba iyi ndi ya womvera kapena ya wosamvera. M'mathithi a madzi otsala pabwalo udzudzu umaswana pasanathe masabata awiri, ndipo umaluma aliyense. Anthu a boma la Lilongwe akudziwa bwino zimenezi. Kolera imene idayamba m'mwezi wa Malichi 2022 ndi kupitirira mpaka 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo Lilongwe lidali limodzi mwa maboma amene adavutika koposa. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsekulidwa chifukwa cha matendawo. Tsono munthu uja amene adati, "Ine ndikupita kumunda," akabwerako madzulo adzamwa madzi a pachitsime chomwecho. Kukwirira chimbudzi chakugwa, kukumba china pamtunda chotalikirana ndi chitsime mamita 30, kuthira kolorini m'madzi akumwa ndi kudikira mphindi 30 asanamwe, kuitana mlangizi wa zaumoyo kuti aone chitsime: zonsezi munthu amachitira ana ake omwe, ngakhale akuzichita pabwalo la mnzake.

Komabe chifukwa chimenechi pachokha n'choperewera. Chikadakhala chokhacho, bwenzi anthu akungokwirira chimbudzi ndi kusiya banjalo likugona panja. Payenera kufunsidwanso ngati mlandu wonse ulidi pamutu pa mwini nyumba.

Pakati pa Achewa a ku Mitundu ndi Nathenje, mkamwini kawirikawiri samanga pamene wafuna. Amamanga pamene amuloza eni mbumba ndi a mfumu. Kale malo adali ambiri, ndipo dambo lidali la ng'ombe ndi madimba okha. Lero anthu achuluka, malo a pamtunda adagawidwa kalekale, ndipo wobwera pambuyo amalandira chotsala. Kufupi ndi mzinda, monga ku Likuni ndi ku Chinsapo, malo amagulitsidwa ndi ndalama, ndipo otsika mtengo ndi omwe ali kumtsinje. Amene adagulitsa malowo adadziwa bwino kuti ndi njira ya madzi, koma tsiku la chigumula iye amaima pamtunda pamodzi ndi oseka. Amene adachenjeza aja, kodi adasonyezapo malo ena? Kuchenjeza n'kosavuta kwa munthu amene agogo ake adamusiyira chitunda.

Palinso nkhani ya madziwo. Mtsinje wa Lilongwe ndi wa Diamphwe imachokera m'mapiri a Dzalanyama, komwe kuli Kaphirintiwa, pamene makolo a Achewa amati anthu oyamba adatsikira pamodzi ndi mvula. Nkhalango imeneyi yadulidwa kwa zaka zambiri chifukwa cha makala opita mumzinda, kotero kuti mu 2015 boma lidatumizako asilikali kukaiteteza. Pamene pali mitengo ndi udzu, mvula imalowa pansi pang'onopang'ono, ndipo mtsinje umayenda chaka chonse mofatsa. Pamene pali poyera, madzi onse amathamanga tsiku limodzi, atanyamula dothi limene limakwirira mtsinje, ndipo mtsinje wokwiririka umataya madzi ake m'midzi. Woumba njerwa m'mphepete mwa mtsinje, wokumba mchenga, wolima mpaka m'gombe, wolima mizere yolunjika kumunsi, wotseka ngalande ndi zinyalala: aliyense wa amenewa adawonjezera ndowa yake pa madzi amene adalowa m'nyumba ija. Ndipo aliyense wophikira makala a ku Dzalanyama ali nawo pa mlanduwo, ngakhale amakhala kutali. Makolo a ku Zomba ndi ku Phalombe, kumene madzi ndi miyala zidatsika m'phiri mu 1946 ndi mu 1991, amati ndi Napolo wadutsa. Ku Lilongwe kulibe phiri lotere, ndipo chigumula cha kuno mbali yake yaikulu idapangidwa ndi nkhwangwa ndi makasu a anthu.

Izi sizitanthauza kuti mwini nyumba alibe cholakwa. Ali nacho. Adamva mawu a akulu ndipo adawapeputsa. Koma mlandu wa anthu ambiri sungalipidwe ndi munthu mmodzi, makamaka pamene olipira enieni ndi ana anayi amene sadafunsidwe kanthu tsiku lokumba maziko.

Mwambo wa maliro ungathandize pano. M'mudzi mukafa munthu amene adali wovuta, wosapita m'maliro a anzake, anthu amadandaula, mwina a mfumu amalipitsa abale ake nkhuku kapena mbuzi. Koma adzukulu amakumbabe manda, amayi amatungabe madzi ndi kuphika, ndipo malirowo amaikidwa. Mudzi umasiyanitsa zinthu ziwiri: chimene sichingadikire, ndi chimene chingakambidwe pabwalo anthu atakhala pansi. Nyumba ya matope ili m'gulu loyamba. Mlandu wa kusamva uli m'gulu lachiwiri. Wokana kugwira fosholo chifukwa cha mlandu wasakaniza ziwirizi, ndipo wadzipatsa yekha mpando wa a mfumu. Chilango chimene wapereka n'chosayezedwa: mwina chidzakhala chibayo cha mwana wogona pachinyezi, mwina khoma logwera mayi usiku. Palibe bwalo la m'mudzi limene lidagamulapo chilango chotere kwa munthu womanga pamalo olakwika.

Tsono pali mawu ena amphamvu amene otsutsa amanena, ndipo awa ndiwo ovuta kuyankha. Amati, "Tikamuthandiza chaka chino, adzamanganso pomwepo, ndipo chaka cha mawa tidzatutanso matope omwewo. Ena adzaona kuti kumanga m'dambo kulibe kanthu, popeza mudzi umabwera kudzakonza." Zimenezi zimachitikadi. Boma lakhala likukumana ndi vuto lomweli m'chigwa cha Shire, kumene anthu ena osamutsidwa pambuyo pa chigumula cha Januwale 2015 adabwerera kumalo awo akale chifukwa minda yawo yachonde ili komweko. Munthu sakakamira m'dambo chifukwa cha uchitsiru wokha. Amakakamira chifukwa dimba lake, limene limamupatsa tomato ndi mpiru wokagulitsa pa msika wa Mitundu, lili pafupi, ndipo amaopa akuba ndi mbuzi.

Yankho lake lili pa kusiyanitsa thandizo la lero ndi thandizo la chilimwe. Kuchotsa matope, kuchirikiza denga, kukumba chimbudzi, kusunga ana m'nyumba youma, kugawako ufa: izi zimaperekedwa popanda kufunsa kanthu. Koma kumanganso nyumba ndi nkhani ina. Nyumba samanga mu Febuluwale. Njerwa amaumba mvula itatha, kuyambira mwezi wa Meyi kapena Juni. Pakati pa miyezi imeneyi pali nthawi yokwanira yoti a mfumu, eni mbumba ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi akhale pansi ndi mwini nyumba. Pamenepo mudzi uli ndi ufulu wonse wonena kuti, "Tidzakuumbirani njerwa ndi kukusenzerani denga, koma osati pamalo paja." Ndipo amene adatuta matope ndiwo ali ndi pakamwa ponenera mawu amenewa. Munthu amamvera msanga mnzake amene adaima naye m'matope kusiyana ndi uja adapita kumunda. Koma mudzi ukanena chotero, uyeneranso kuloza malo ena. Kuletsa munthu kudambo popanda kumupatsa pamtunda ndi kumuuza kuti amange m'mwamba.

Wothandizidwa nayenso ali ndi ngongole yake, ndipo ngongoleyo imayamba ndi matumba awiri a chimanga aja. Chimanga chimene chamira m'madzi a chigumula, kapena chakhala chonyowa masiku angapo, chimachita chuku. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Poizoni ameneyu satha ndi kuphika, ndipo ng'ombe ikadya chimanga chotere amatulukiranso mumkaka. Mu 2004 ku Kenya anthu 125 adafa atadya chimanga chachuku. Tsono munthu amene wataya nyumba amayesedwa kwambiri. Amaganiza zoyanika chimangacho, kuchipeta, kuchisakaniza ndi chabwino, ndi kukachigulitsa pa Nathenje kwa munthu wapaulendo amene sadzamuonanso. Kapena amachigayitsa ndi kuphikira nsima anthu omwe abwera kudzamuthandiza. Ndalama akuzifunadi, ndipo palibe angamuone. Koma akatero wachita chimodzimodzi ndi uja adamugulitsa malo a m'dambo: wapatsira mnzake tsoka limene iye akulidziwa. Chimanga chotere n'chofunika kukwirira m'dzenje lakuya. Ndipo ili ndi gawo lina la thandizo la mudzi, pakuti n'kovuta kuuza munthu wanjala kuti akwirire chakudya ngati palibe wabwera ndi lichero la ufa.

Palinso kanthu kena kakang'ono kamene kamadanitsa anthu zaka zambiri. Madzi amanyamula katundu wa uyu ndi kukamusiya pabwalo la uyo: lata, ndowa, mpando, nkhuku, ngakhale mbuzi. Wopeza amati, "Ndatola." Koma chotola chenicheni ndi chimene mwini wake sadziwika. M'mudzi aliyense amadziwa ndowa ya mnzake. Njira yabwino ndi kusonkhanitsa zonse pabwalo la a mfumu kuti eni ake azizindikire. Chimodzimodzinso polemba maina a olandira thandizo la boma. Dipatimenti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi imadalira maina ochokera kwa mafumu ndi makomiti a m'midzi. Wolembetsa dzina lake pamene madzi sadafike pakhomo pake watenga thumba la chimanga, bulangete ndi pepala lofolerera m'manja mwa amene akugona panja. Ena amene amakana kugwira fosholo m'mawa amapezeka oyamba pamzere tsiku logawa katundu, ndipo mudzi umaona.

Mvula ikatha ndipo malo atsopano akapezeka, nzeru za kamangidwe n'zodziwika ndipo si zonse zofuna ndalama zambiri. Nyumba imangidwe pa chiunda chokwera, kuti pansi pake pakhale pamwamba kuposa bwalo. Maziko akhale a miyala kapena njerwa zowotcha, ngakhale khoma la pamwamba likhale la zidina. Pakati pa maziko ndi khoma ayalepo pepala lakuda la pulasitiki kuti chinyezi chisakwere. Denga lituluke kunja mokwanira, ndipo khonde lizungulire nyumba yonse, kuti mvula isamenye m'munsi mwa khoma. Kumtunda kwa nyumba akumbe ngalande yopatutsa madzi, koma ayambe waona kumene madziwo akupita, chifukwa ngalande yolozetsa pakhomo la mnzake ndi mlandu wina. Matumba a chimanga asagone pansi, koma pa thandala la mitengo.

Chovuta chimene chimatsala ndi malo. M'midzi yambiri ya kumwera kwa Lilongwe pamtunda pali minda ya anthu, ndipo kuti mkamwini uja achoke m'dambo, wina ayenera kudula mizere ingapo ya munda wake. Kawirikawiri munthu ameneyo amakhala mlongo wa mkazi wake, mwini mbumba, yemwe uja adayamba kunena kuti, "Tidawauza awa." Pabwalo la a mfumu m'mwezi wa Meyi, iye ndiye adzafunsidwa ngati malowo alipo.